Kukamuona Sofiya

Kwathu ku Lunzu mawu oti shabini ndidayamba kuwamva ndisanadziwe ndi fungo lomwe la mowa. Ndinkawamva pakamwa pa agogo anga aakazi, obereka bambo, ndipo sankawatchula asanalavule kaye. Amuna awo adachoka pamudzi m'chaka cha njala, 1949, mvula itakana, chimanga chitapserera m'minda. Sadalembetse kwa Wenela ayi. Adapita mwa selefu, monga ankanenera masiku amenewo: kudzera ku Mwanza, kuoloka Zambezi pa Tete, kugwira maganyu ku Salisbury, kenaka kuzemba usiku pa Limpopo. Zaka zisanu adalemba makalata ndi kutumiza ndalama papositi, ulendo wina bulangete ndi ketulo. Itafika 1955, zii. Agogo aakazi adalembetsa makalata atatu kwa mphunzitsi wa pamishoni, ndipo imodzi idabwerera yosatsegula. Chigamulo cha mudzi chidali chachidule: mwamunayo watchona, amudya ndi mashabini a ku Joni. Ife adzukulu mlanduwo tidaulandira wothaitha, ngati munda wa makolo.

Mdaniyo adali ndi dzina. Pamwamba pa makalata aja pankakhala keyala, ndipo mphunzitsi poiwerenga ankatchula mawu amene m'makutu mwa anthu osadziwa Chingerezi adamveka ngati dzina la mkazi: Sofiya. Basi, nkhani idapsa. Sofiya ndiye adali mwini shabini, Sofiya ndiye adadya ndalama za msonkho ndi za fizi, Sofiya adali wa milomo yofiira, wosadziwa kumene khasu amagwira. Azakhali anga, amene adasiyidwa ali kumsana, mpaka lero nkhuku ikaba mphale pamphasa amaikalipira kuti, "Choka apa, Sofiya iwe!" Nditafika ku sekondale ndi pamene ndidadziwa kuti Sophiatown ndi dera la mumzinda wa Johannesburg. Ndidaseka, ndidakawafotokozera akumudzi, koma iwo sadatekeseke. "Kaya ndi mudzi kaya ndi munthu," adatero agogo, "wandidyera mwamuna."

Mwezi wa Novembala 2023 ndidapita ku Joni kwa masabata awiri pa zantchito. Panyumba ya alendo pomwe ndinkagona padali chikalata chomata pakhoma: Lachisanu lililonse madzulo, ulendo woyendera mashabini anayi a ku Soweto, wokutsogolerani alipo, galimoto ilipo, chikho choyamba pamalo alionse n'chaulere. Mtengo wake nditauwerengera m'makwacha udandikumbutsa thumba la feteleza. Ndidalipira. Musandiyese chidakwa, anzanga. Ine botolo lachitatu limandigonetsa. Ndinkangofuna kukaona ndi maso chilombo chimene adatiopseza nacho tili ana.

M'kaminibasi tidalimo anthu 11: Ajeremani angapo, atsikana awiri a ku Holland, banja lina la ku America, ndi ine. Wotitsogolera adali mnyamata wa ku Orlando komweko, wa msinkhu wa mwana wanga woyamba, wolankhula mosapumira ngati wailesi. Poyamba adandiyesa dalaivala wina. Nditamuuza kuti ndine Mmalawi ndipo ndalipira ngati enawo, adagwira pakamwa. "Malume," adatero, pakuti nakonso mawuwa ndi omwewa ndipo amaitanira nawo mwamuna aliyense wachikulire, "Amalawi amene ndimawadziwa ine amasoka zovala ndi kusamala maluwa a azungu. Kushabini amapita okha, salipira munthu kuti awaonetse khomo."

Tidayambira mumsewu wa Vilakazi ku Orlando West, msewu umene amaunyadira kuti mudakhala anthu awiri olandira mphoto ya Nobel, Desmond Tutu mu 1984 ndi Nelson Mandela mu 1993. Kunena zoona, pamene tidakhalapo sipadali pashabini. Padali palesitilanti ya matebulo oyala nsalu ndi kamakina kolipirira ndi khadi. Apa mnyamata uja adatiyalira nkhani yake, imene zinkaoneka kuti adaiyala kambirimbiri: kuti mawu oti shabini adachokera ku Ireland, komwenso amphawi ankagulitsa kachasu mobisa, kuti boma la tsankho lidaletsa munthu wakuda kumwa mowa wachizungu, kuti amayi olimba mtima adatsegula nyumba zawo, ndipo m'nyumbamo mudabadwira nyimbo, munkakumana olemba nkhani a magazini ya Drum, munkapanganidwa zomenyera ufulu. Alendo adaomba m'manja. Palibe bodza limene adanena. Koma nkhaniyo idali ngati thobwa la pamaliro a munthu wosauka, lochuluka madzi, ndipo ine amene ndidaphunzirako mbiri ndidayamba kuthiramo chimera changa chamumtima.

Chimene adalumpha choyamba n'chakuti woyamba kuthira kachasu pakhosi pa wantchito wakuda ku Joni sadali mayi wa shabini. Golide adapezeka pa Witwatersrand mu 1886, koma fakitale ya kachasu ya Hatherley, kufupi ndi Pretoria, idali itatsegulidwa kale mu 1883, ndipo woitsegula adali Paul Kruger mwini wake. Alimi achibunu adapeza kogulitsa dzinthu zawo. Eni migodi nawo poyamba adakondwa, chifukwa munthu amene malipiro ake athera m'kantini sabwerera kwawo msanga, amasainanso kontirakiti ina. Zinthu zidatembenuka migodi itazama. Pansi penipeni, pomwe pali makina okwera mtengo ndi zophulitsira miyala, munthu wa matsire ndi chitayiko, ndipo Lolemba lililonse antchito ambirimbiri sankadzuka. Eni migodi omwewo adaumiriza boma, ndipo lamulo la 1896 lidaletsa kugulitsa mowa kwa anthu akuda. Wolemba mbiri Charles van Onselen adaifukula bwino nkhani imeneyi. Onani tsono: ludzu adalidzala okha, litamera nkuyamba kulilanga. Shabini idamera m'mng'alu umenewo.

Malo achiwiri ndiwo adandigwira mtima. Tidalowa mu Orlando East, lokeshoni yakale ya m'ma 1930, tinyumba ta njerwa zofiira tofanana ngati mabokosi a machesi. Kuseri kwa kanyumba kena kudali chisakasa cha malata, mabenchi, ndi mayi wachikulire atakhala pampando ngati mfumu pabwalo. Mnyamata uja adavula chipewa, ifenso tidavula. Mayiyo adatulutsa nkhali yakuda ya dothi, adalawa iye poyamba monga timachitira kwathu pochotsa chikayiko cha mankhwala, kenaka nkhaliyo idayamba kuzungulira. Umqombothi, mowa umene dzina lake tidalidziwira m'nyimbo ya Yvonne Chaka Chaka tikuvina m'madisiko a ku Blantyre. Atsikana a ku Holland adakwinya nkhope, nkumajambulana akukwinya choncho. Itandifika ine, ndidanjuta, ndidauzira thovu, ndipo lilime lidazindikira mbale wake: masese enieni, owawasa pang'ono, a chimera cha mapira. Mayi uja adandiyang'anitsitsa. "Uyu sanayambe lero," adauza mnyamatayo m'Chizulu, iye nkunditanthauzira.

Mowa wooneka wosalakwawu ndiwo udamenyetsa nkhondo yaitali kuposa kachasu. Mu 1908 boma la Natal lidapanga lamulo lopatsa makhonsolo a mizinda mphamvu yoti iwo okha ndiwo azifulula ndi kugulitsa mowa wa masese kwa anthu akuda. Chaka chotsatira Durban idatsegula maholo ake a mowa: zinyumba zazikulu zotchingidwa ndi mpanda, za amuna okhaokha, polowa mudutse pampata mmodzimmodzi, ugule chitupa, ulandire chigubu chako, wapolisi wa khonsolo ali chilili ndi chibonga. Phindu lonse linkalowa m'thumba lapadera loyendetsera zimene ankati nkhani za anthu akuda, ndiko kuti kumangira makomboni a amuna opanda mabanja, kulipira apolisi ofunsa mapasi, ndi malipiro a azungu oyang'anira zonsezi. Cholinga chidali chakuti mzungu wa mumzinda asatayepo khobidi la msonkho wake. Wantchito wakuda akamwa Loweruka ankadzigulira yekha waya womutchinga ndi jombo ya wapolisi yodzamuthyolera chitseko. Nzeruyi idatchuka ndi dzina loti Durban System, ndipo mizinda ina idabwera kudzaphunzira. Lamulo la 1923 lidaitsegulira njira m'dziko lonse la South Africa, Johannesburg idayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, ndipo ku Bulawayo ndi kumigodi ya kopa ku Northern Rhodesia kudamera maholo a mtundu womwewo. Abale athu ambiri amene adagwira ntchito kumeneko adamwamo, ndipo pobwera ankawasimba ngati malo achisangalalo.

Tsono mayi wofulula kunyumba sadali wochimwira Mulungu chabe, monga ankalalikira abusa. Adali wolanda khonsolo malonda. Apa ndiye pagona nkhani. Mkazi wakuda mumzinda ntchito zimene zinkamupeza zidali kuchapa ndi kulera ana a azungu, pamene malipiro a mwamuna sankafika kumapeto a mwezi. Ellen Hellmann, amene mu 1933 adayamba kufunsa anthu a m'bwalo lina la ku Doornfontein lotchedwa Rooiyard, adapeza kuti mabanja ambiri ankakhalira mowa: lendi, ndiwo, nsapato za ana, zambiri zinkachokera m'chigubu. Apolisi ankabwera ndi zitsulo zosongoka nkumabaya pansi, chifukwa zigubuzo ankazikwirira m'maenje. Pano pali chinthu chimene ndidachimvetsa bwino nditagwira nkhali ija m'manja. Masese amafuna masiku angapo, amafuna moto waukulu, ndipo fungo lake limaitana munthu ali kutali. Mowa wotere subisika. Choncho amayi adatembenukira ku zofulumira: shuga, yisiti ndi madzi ofunda, zopsa mwamsanga, zaukali, zina zothiridwa ndi kabaidi yemwe wa nyale za mumgodi. Ndiye skokiaan ameneyo, amene August Musarurwa wa ku Southern Rhodesia adamupekera nyimbo imene idakafika mpaka pa lipenga la Louis Armstrong mu 1954. Lamulo lidathamangitsa mowa wokhutitsa nkubereka wakupha, kenaka nkumaloza wakuphayo ngati umboni woti lamulolo n'lofunika. Miriam Makeba, amene mu 1959 adasewera ngati mfumukazi ya shabini m'sewero la King Kong, ndende adaidziwa ali ndi masiku 18 okha chibadwire: mu 1932 mayi ake adamangidwa miyezi 6 chifukwa cha mowa, ndipo khandalo lidalowa nawo.

Amayiwa sadangokhala nkumalira. Mu 1929 maholo a ku Durban adanyanyalidwa, magazi adakhetsedwa, ndipo m'matauni ang'onoang'ono a ku Natal amayi adalowa m'maholo ndi ndodo nkukwapula amuna omwe ankapereka kwa khonsolo ndalama yoyenera kugula ufa. Wotsogolera kunyanyalako ku Durban adali A.W.G. Champion wa bungwe la apantchito la ICU, mbali ya ku Natal. ICU imeneyi, musaiwale, adaiyambitsa ku Cape Town mu 1919 ndi mwana wa kwathu, Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay, wophunzira ku Livingstonia, ngakhale kuti pofika 1929 awiriwa adali atasiyana kale mokangana. Patapita zaka 30, mu Juni 1959, amayi a ku Cato Manor ku Durban konko adalowanso m'maholo nkutayira mowa wa khonsolo pansi, ndipo mu Januwale 1960 apolisi 9 amene adapita kukasaka mowa kumeneko adaphedwa ndi khamu. Patangotha miyezi iwiri kudachitika za ku Sharpeville, kumene anthu 69 adaphedwa poomberedwa, ndipo olemba mbiri ambiri amati apolisi a tsikulo adali ndi Cato Manor m'mutu.

Mayi wa nkhali uja nditamufunsa ngati adazionako zimenezi, adati wofulula adali mayi ake. Iye ali kamtsikana ntchito yake idali kusewera pamphambano maso ali kumsewu, ndipo galimoto ya apolisi ikangotulukira ankayambitsa nyimbo imene adapangana. Galimotozo ankazitcha kwela-kwela, ndipo ena amati nyimbo za kwela zidatengera dzina pamenepo, nyimbo zomwe zija Daniel ndi Donald Kachamba adazikulitsa ku Chileka, pafupi ndi kwathu. Kenaka adaseka mpaka kutsokomola, nkunena kuti mu 2020, boma litatseka malonda a mowa chifukwa cha mliri wa Covid, azungu a m'mayadi nawo adaphunzira ntchito ya mayi ake; yisiti ndi zinanazi zidasowa m'masitolo. Iye lero ali ndi chiphaso chopachika pakhoma, pakuti ziphaso zotere zidayamba kuperekedwa m'zaka za m'ma 1980. Chimene alendo anzanga ankagula pamenepo ndi fungo la kuopsa kumene kudatha kale, ndipo mayiyo ankawagulitsa mwaulemu, mosawanyenga, akuwerenga mitu kuti adziwe gawo lake.

Malo achitatu adali a masiku ano: mpanda wa njerwa, geti yachitsulo, mlonda wopapasa aliyense m'chiuno, ndipo mkatimo nyimbo za amapiano zogunda mpaka m'nthiti. Mabotolo ake ndi aja aakulu a 750 ml amene amawatcha ngudu, ndipo Black Label saitchula dzina, amati Zamalek. Kupapasako sikudali kwa masewera. Mu Julayi 2022 anthu 16 adaphedwa ndi mfuti m'thaveni ina ku Orlando East komweko. Izi mnyamata wathu sadanene; adandikumbutsa ndi dalaivala tikusuzumira pageti.

Mabotolo amenewa munthu wakuda adaloledwa kuwagula poyera kuyambira pa 15 Ogasiti 1962, pamene chidatha chiletso chakale chija, chimene lamulo la 1928 lidachilimbitsa m'dziko lonse. Apolisi adali atatopa, ndipo eni mafakitale a mowa ndi alimi a mphesa ankalira msika waukuluwo. Koma ufulu wake udali wa nyambo. M'malokeshoni ogulitsa adali makhonsolo omwe aja, m'mabotolositolo awo, ndipo gawo lalikulu la phindu linkapita kuboma kukayendetsera timaiko ta mitundu timene tsankho lidapanga kuti anthu akuda asakhale nzika za mumzinda. Mu 1973 Soweto idachotsedwa m'manja mwa khonsolo ya Johannesburg nkuperekedwa ku bungwe la boma lotchedwa West Rand Administration Board, limene lidayenera kudzipezera lokha ndalama, ndipo zitsime zake zidali ziwiri: lendi ndi mowa. N'chifukwa chake kuyambira pa 16 Juni 1976, apolisi ataombera ana asukulu mumisewu yomwe tidayambira ulendo wathu, moto woyamba udagwa pa maofesi a bungweli, pa maholo a mowa ndi pa mabotolositolo. Anawo adali atachita masamu amene abambo awo ankakana kuchita. Ndipo sadalekere pomwepo. Chakumapeto kwa chaka chomwecho bungwe la ophunzira a ku Soweto lidalamula kuti mashabini nawo atseke pa nthawi yolira maliro a anzawo, ndipo eni ake amene adachita makani adaswedwera mabotolo. Shabini ndi nkhondo ya ufulu sizidagone mphasa imodzi masiku onse monga tidauzidwa ku Vilakazi.

Ndidamukokera pambali mnyamata uja, pafupi ndi chiwaya cha nyama pomwe phokoso lidachepako. "Mphwanga, za ana a 1976 kutseketsa mashabini bwanji sunanene?" Adandiyang'ana kanthawi, kumwetulira kwa ntchito kuja kutachoka. "Malume, amayi anga anali m'gulu la anawo, agogo anga anali ogulitsa mowa. Anatha chaka osalankhulana, m'nyumba ya zipinda zinayi. Koma anthu awa alipira kuti asangalale. Nkhani imeneyo ndimaisungira ulendo wa masana, wa kumyuziyamu." Atatero adabwerera kukaphunzitsa Ajeremani kavinidwe. Sindidamuone cholakwa. Nanenso pa ukwati sindisimba za maliro.

Nthawi idali itapitirira 11 koloko pamene tidafika malo otsiriza, ku Meadowlands. Ambiri adali atafooka, ndipo mnyamatayo adangofotokoza mwachidule, mothamanga, kuti anthu a kuno adachita kubweretsedwa. Pa 9 Febuluwale 1955, mbandakucha, apolisi 2,000 adalowa mu Sophiatown, malole nkuyamba kututa mabanja. Ntchitoyo idatenga zaka zingapo, nyumba zidagumulidwa, ndipo pamabwinjapo adamanga dera la azungu nkulitcha Triomf, kutanthauza chipambano.

Chaka chimenechi ndidachiloweza kalekale, ndidachilembapo ndi pamayeso pomwe. Chaka chimene makalata a agogo adalekera ndidachimva ndikali wosavala. Koma ndikuvomera ndi manyazi kuti ziwirizi zidakhala m'mutu mwanga ngati akazi a mitala, nyumba zoyandikana koma osapalana moto, kufikira usiku umenewo, nditakhala pa kireti ya mabotolo ku Meadowlands. Kalata yobwerera ija, imene mudzi wonse udaiwerenga ngati chipongwe cha mwamuna wokana mkazi wake, idapita kukagogoda m'dera limene linkagumulidwa.

Nyumba za ku Meadowlands sizinkaperekedwa kwa aliyense. Bungwe losamutsa anthu linkalemba mabanja, kuona mapasi, nkuwagawa m'zigawo potsata mtundu, Azulu uku, Asotho uko. Mnyasa wa selefu, wopanda chilolezo, m'kaundula wotere adalibe mzere. Akagwidwa, njira zake zidali zodziwika: kubwezedwa kumalire, kapena kukwezedwa lole kupita kuminda ya mbatatesi ku Bethal, kumene Henry Nxumalo wa Drum adakafufuza mu 1952 nkuulula za anthu ovala masaka, okwapulidwa, otsekeredwa usiku ngati ng'ombe. Njira yotsala idali kusanduka: kumeza Chinyanja, kutola Chizulu kapena Chisotho, nkulowa m'banja la mayi wina wa komweko kuti achibale ake azikuchitira umboni kuti ndiwe wawo. Ambiri adatero. Mwini malo otsirizawa, mayi wa thupi lalikulu wa mawu ngati a mwamuna, atandifunsa mfunda wanga ine nkuyankha kuti Phiri, adaomba m'manja. "Ndiye ndinu a konkuno, baba!" Ku Soweto kuli lokeshoni yotchedwa Phiri, ndipo m'Chisotho mawuwa amatanthauza fisi. Mnyasa wa mfunda wathu sankafunika ngakhale kusintha dzina. Ray Phiri wa gulu la Stimela, amene gitala yake idamveka dziko lonse mu 1986 poimba ndi Paul Simon, bambo ake adali ochokera kwathu kuno. Ndidayang'ana nkhope za amuna amene ankamwa pamenepo, ndipo mphuno iliyonse idayamba kuoneka ngati ya bambo anga. Uwo udali mowa, ndikudziwa.

Sindikuwaikira kumbuyo agogowo. Positi ofesi idaliko ndi kumalo atsopanowo, ndipo munthu wofuna kulemba amalemba. Mwina mowa udawadyadi. Udadya ambiri, ndipo adzukulu a odyedwawo ndidawaona usiku womwewo atagwetsa mitu pamatebulo. Ana amene adatentha maholo mu 1976 sankalota. Koma Sofiya amene tidakula tikumutukwana, ngati adaliko, adali mayi wokumba dzenje usiku kubisa chigubu, wolipira faindi Lolemba, wosakidwa ndi boma osati chifukwa cha kuledzeretsa amuna, pakuti nalonso linkawaledzeretsa, koma chifukwa ndalama ya ludzu lawo inkalowa m'mpango mwake m'malo molowa m'thumba la khonsolo. Ndipo ngati mwamuna wa ku Lunzu adaizemba lole ya ku Bethal, n'kutheka ndithu kuti adaizembera kuseri kwa chitseko cha mayi wotere.

Pobwerera anzanga adagona m'minibasi, mafoni ali m'manja. Mnyamata uja adayendetsa chipewa, tidaponyamo, ndipo potsika adandigwira dzanja ndi manja awiri.

M'mawa mwake ndidakwera takisi ndekha kupita ku Sophiatown, pakuti dzina lakalelo lidabwezedwa mu 2006. Ndi dera lachete la mipanda ndi agalu. Mwa nyumba zochepa zimene zidapulumuka muli tchalitchi cha Christ the King, chimene ankatumikiramo Trevor Huddleston, ndi nyumba ya Dr A.B. Xuma. Sofiya weniweni adalikodi, anzanga: adali mkazi wa Herman Tobiansky, mzungu amene adagula malowo mu 1897 nkuwatcha dzina la mkazi wake, misewu ina nkuitcha maina a ana ake. Ndidaima pamthunzi kunja kwa tchalitchicho nkuimbira foni mwana wa azakhali kuti awapatsire.

"Azakhali, ndili kwa Sofiya."

"Ali moyo?"

"Anamugumula, azakhali. Kuyambira chaka chomwe chija makalata analekera. Kunabwera apolisi ndi malole, anthu onse anawasamutsa."

Kudali zii. Ndinkangomva tambala ndi mwana akulira chapatali, mpaka ndidayesa kuti mayunitsi atha.

"Ndiye kuti kalata ya amayi ija sanaione," adatero potsiriza, osati mofunsa.

Sindidayankhe. Kenaka adatsokomola nkundikumbutsa za bulangete, kuti likhale la ku Joni lenileni, lolemera, osati aja ongoyoyoka ubweya ukangochapa kamodzi.